Kadamsana wa Apongozi

Mpando umene makasitomala ankakhalapo podikira kuyesedwa zovala unapezeka padenga m'mawa wina, uli wokha pafupi ndi mathanki a madzi, ngati munthu wodikira basi. Telala anaupeza pamene anakwera kukayanika nsalu, ndipo anaima kanthawi, beseni lili m'chiuno, akuuyang'ana. Unali wake ndithu, wathabwa, wolemera, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Dzulo lake madzulo anausiya pambali pa makina osokera, atauunjikira mikono ya madiresi a kwaya imene inali isanalumikizidwe. Atatsika anakapeza mikonoyo ili pa makina, yopindidwa mwaudongo kuposa mmene iye mwini amapindira.

Chimene chinayamba kumufika si mantha ayi, koma mkwiyo. Nyumba yawo inali yapamwamba penipeni pa mdadada wosanja, ndipo chitseko chopita padenga chinkakhomedwa ndi loko dzuwa likangolowa, kiyi n'kukhala pachingwe m'khosi mwa mlonda mpaka kucha. Choncho Telala anaganiza kuti mayi wa saluni wa nyumba yapansi pawo, amene ankabwereka zinthu ndi manja pakamwa pali duu, anautenga m'mamawa iye akusamba. Mayiyo atafunsidwa analumbira, sopo ali m'manja, kuti mpando wolemera ngati bokosi la maliro sanganyamule ngakhale atamupempha abusa. Telala anatsonya, nakautsitsa yekha.

Mlungu umenewo unali woipa kale. Madiresi a kwaya ankafunika Loweruka, ndipo wapampando wa kwayayo ankaimba foni ngati alibe ntchito ina padziko. Mwamuna wa Telala anali kutali ndi lole ya kampani. M'chipinda cha alendo munali apongozi ake, bambo a mwamunayo, amene anabwera mumzinda kudzachotsedwa ng'ala. Diso lawo lamanja linafa kalekale, lamanzere ndilo adokotala analikonza, nalamula kuti mkuluyo asawerame, asanyamule kanthu, asakwere masitepe popanda womugwira, ndiponso azidonthezedwa mankhwala kangapo patsiku. Zonsezo zinagwera Telala. Anthu a mumdadadawo anali atawapatsa kale dzina loti a Wailesi, chifukwa kawailesi kawo sikankachoka pakhutu usana ndi usiku, ndipo chilichonse chimene kanena ankachibwereza kwa aliyense wodutsa ngati achitulukira okha.

Masiku amenewo kawailesiko kanali katawadzaza nkhani imodzi yokha. Lachisanu madzulo kudzakhala kadamsana wa mwezi, ndipo mumzinda wawo adzaoneka bwino mitambo ikalola. Ankafotokoza, Telala ali ndi mapini pakamwa, kuti ameneyu si kadamsana wamkulu uja wofiiritsa mwezi ngati magazi. Mwezi sudzalowa mumdima weniweni wa dziko, udzangodutsa m'mphepete mwa chithunzithunzi chake n'kuzilala pang'ono, moti wamaso aulesi sangazindikire n'komwe kuti kwachitika kanthu. Iwo ankati diso lawo latsopano lidzalembera mayeso pamenepo. Telala ankangovomera, makina akulira, mumtima akudzifunsa kuti kadamsana wosaoneka ali ndi ntchito yanji kwa munthu amene makolala akumudikira mulu.

Usiku wotsatira anasoka mpaka msana unakana, nagona tulo tofa nato. Chimene chinamudzutsa sichinali phokoso lalikulu. Kunali kukwekwesa kwa thabwa pa konkire, pamwamba penipeni pa bedi lake, pang'onopang'ono, ngati wokokayo akuopa kudzutsa anthu. Khwee, n'kuima. Khwee, n'kuima. Kenako kunamveka mapazi. Anamvetsera atagwira mpweya, ndipo anazindikira kuti mapaziwo ndi a anthu awiri, ena olemera, okoka pansi, ena opepuka, amene ankatsogola pang'ono n'kudikira, kutsogola n'kudikira. Mumsewu munadutsa galimoto, kuwala kwake kunayenda pa siling'i n'kuzimirira, mapaipi a madzi anagunda m'khoma monga amachitira masiku onse, ndiye kunati zii, bata lija limene limamveka ngati wina akumvetseranso mbali inayo.

Anadzuka, nayenda monyang'ama mpaka pakhomo la apongozi ake. Kulowa sakanalowa usiku ngati umenewo, koma kawailesi kankanong'ona mkatimo, ndipo iye anati mkuluyo ali m'tulo. Pabalaza mpando panalibe. Chitseko chakunja chinali chokhoma, kiyi ali pomwepo pamene anamusiya.

M'mawa mwake, akudonthezedwa mankhwala, a Wailesi analengeza kuti anthu a pa wailesi alakwitsa tsiku. Kadamsana anali atayamba kale. Iwo anamuona ndi diso lawo, kachigamba kakuda m'mphepete mwa mwezi, kooneka bwinobwino. Telala anayang'ana zenera la chipindacho, limene linkayang'anizana ndi khoma la mdadada wina, pafupi moti ungalikhudze ndi tsache.

"Mwezi munauonera pati, Bambo?"

Mkuluyo anaseka pansipansi, ngati munthu amene wamuuza nthabwala yabwino. "Mukufunsa ine, Amayi?"

Telala anaona kuti akatsegula pakamwa patuluka mawu osayenera kumva apongozi. Anatseka kabotolo ka mankhwala, natsika kukafuna mlonda.

Mlonda anatulutsa kiyi m'malaya, namugwedeza pamaso pake ngati umboni wa kukhoti. Anati kiyiyo amagona naye, amasamba naye, ndipo ngakhale mkazi wake sanamukhudzepo. Anawonjeza kuti anthu osoka usiku amayamba kumva zinthu, ndipo bwenzi zili bwino Telala akanamagona msanga. Koma nkhani itafika pa saluni inamera miyendo. Mayi wa saluni ananong'oneza kuti denga limakhomedwa chifukwa zaka zapitazo munthu woika madishi a kanema anagwa pamalo paja pamene kachipupa ka m'mphepete kanagumuka. Kasitomala wina, mutu uli theka woluka, anatsutsa kuti sanali mwamuna, anali mtsikana wantchito amene anamutuma kukaanula zovala usiku wa mwezi, ndipo anamupeza m'mawa pansi, malaya a abwana ake akadali m'manja. Wina anati palibe anagwa, mwini mdadada anangoumira kukonzetsa khoma, loko n'kumutsikira mtengo. Telala anamvetsera zonsezo ataima pakhomo, tepi ili m'khosi, nawauza kuti kaya ndi wa madishi kaya ndi wantchito, akabwereke mpando kwa anthu amene alibe chochita.

Madzulo amenewo anautsitsanso mpando uja, akutukwana masitepe, naumangirira ku mwendo wa makina ndi chidutswa cha nsalu yolimba, mfundo pamwamba pa mfundo. Anatsimikiza mtima kuti sagona. Anazimitsa magetsi, nakhala pabedi chitseko cha kuchipinda chili chotsegula pang'ono, sizasi yaikulu ili m'manja. Koma thupi lotopa silipangana ndi mwini wake. Anadzidzimuka khosi litapindika, sizasi ili pansi, ndipo pamwamba pake thabwa linali likukwekwesa kale.

Nsalu ija sinadulidwe. Mfundo zonse zinamasulidwa imodziimodzi, nsaluyo n'kukulungidwa bwinobwino pa makina. Udongo umenewo ndi umene unamupsetsa mtima koposa, chifukwa unali ngati chipongwe. Anatenga foni, nayatsa tochi yake, natuluka.

Masitepe opita padenga anali opapatiza, onunkha chinyontho ndi zitosi za nkhunda, ndipo ngakhale anaponda mosamala, phazi lililonse linkamveka kawiri. Loko anali m'malo mwake, wokhoma, wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Pansi pa chitseko pankalowa kamzere ka kuwala kwa mwezi, koyera ngati choko chojambulira nsalu. Akuyang'ana kamzereko, kanaduka pakati. China chake chinali chitaima kuseri kwa chitsekocho. Sichinagogode, sichinakhudze chitsulo, ndipo ngakhale Telala anatchera khutu mpaka linawawa, sanamve kupuma kulikonse. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali, kenako chinasuntha, kamzere kaja n'kulumikizanso. Patali, chakumphepete kwa denga, munthu anakhosomola. Chifuwacho anachidziwa, kapena anaganiza kuti akuchidziwa, koma anadziuza kuti nkhalamba zonse zimakhosomola mofanana.

Mmene anatsikira mpaka pansi sanadziwe. Mlonda anatenga nthawi kudzuka, kuvala nsapato, kufuna tochi, akudandaula njira yonse kuti ntchito yake ndi geti, si maloto a anthu. Atatsegula loko, padenga panali mbee, zingwe zoyanikira zovala zikugwedezeka pang'ono ndi mphepo, magetsi a mumzinda akuthwanima kutali. Panalibe munthu. Mpando unali pamenepo, koma lero sunali pafupi ndi mathanki. Unali utasendera kufupi ndi pamene kachipupa kanagumuka. Mlonda anaika chikhatho pa thabwa lake, nachichotsa msanga, ndipo atafunsidwa anangonong'ona kuti ndi lofunda. Sananenenso za anthu osoka usiku.

Atabwerera m'nyumba, Telala anataya ulemu n'kugogoda pachitseko cha apongozi ake. Mkuluyo anamuyankha ndi mawu a munthu wopuma movutikira kuti ali bwino, akagone.

Lachisanu linafika Telala maso ali ofiira, madiresi ena alibe mabatani, ndipo a Wailesi atavala jekete kuyambira masana. Nkhani ya kadamsana inali itafalikira mumdadada wonse, ndipo anthu anamuumiriza mlonda kuti usiku umodzi umenewu asakhome. Iye sanakane, mwina chifukwa anaona kuti denga lodzaza anthu n'labwino kuposa denga lopanda munthu. Telala anayesa kukumbutsa apongozi ake za malamulo a dokotala, koma mkuluyo anayankha kuti dokotala anati asakwere popanda womugwira, ndipo womugwira alipo. Telala anausa moyo, nasiya singano, nawagwira mkono.

Anakwera pang'onopang'ono. Asanafike pokhota, a Wailesi anakweza phazi kwambiri, namuchenjeza kuti asamale, sitepe yotsatirayo ndi yobenthuka. Telala anaunika ndi foni. Inali yobenthukadi. Anafuna kudziwa kuti aidziwa bwanji, koma kumbuyo kwawo kunali anthu akukankhana ndi mipando, ndipo sanapeze mpata wofunsa.

Padenga panali ngati pamsika. Ana ankathamangitsana pakati pa zingwe, amayi akuwakalipira kuti asayandikire kumphepete, abambo ataloza mafoni kumwamba. Mwezi unali utakwera pamwamba pa nyumba zazitali za m'tauni, wathunthu, wonenepa, wachikasu pang'ono chifukwa cha utsi wa mumzinda. Anthu anauyang'ana. Anauyang'anabe. Makosi atayamba kuwawa, kung'ung'udza kunayamba. Mayi wa saluni anafunsa ngati zayamba kapena zatha. Bambo wina anati wasiya mpira pa kanema chifukwa cha mwezi womwewu umene amauona ulele mwezi ndi mwezi. Mphunzitsi wa nyumba yapakati anayesetsa kulongosola kuti ayang'anitsitse mbali imodzi, aona kuti yazilala pang'ono ngati yapakidwa mwaye, ndipo Telala atatsinzinira maso anaonadi kanthu kotero, kuda kochepa ngati malaya oyera ochapidwa ndi sopo wosakwana. Zinali zomwezo basi. Anaganiza za mabatani, natsonya mokweza moti ena anacheuka.

Pamenepo a Wailesi analankhula, ndi mawu a munthu wokhutira. Anati akudabwa ndi anthu a maso awiriawiri amene sakuona chinthu choonekeratu. Mwezi unali utadyedwa kupitirira theka, mdima wake wakuda bii ngati katani, ndipo usiku uliwonse wakhala ukukula. Anthu anaseka. Wina anati madala agula diso la kunja, loonera za mawa. Telala anamva manyazi ndi mkwiyo zikukwera pamodzi, nawerama kuti awanong'oneze kuti zakwana, atsike. Anali ataima pansi pa babu la pakhomo la masitepe, kuwala kuli pankhope pake. Mkuluyo anatembenuka, namuyang'ana, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "nanga inunso mwalowa mu kadamsana? Nkhope yanu ndikuiona theka."

Telala anawauza kuti ayang'ane babu. Babu nalonso linali theka. Anawaonetsa chikhatho chake, ndipo iwo anawerenga zala zosakwana. Apo ndi pamene Telala anakumbukira zimene namwino ananena tsiku lotuluka m'chipatala, iye akuganiza za nsalu, kuti akadzaona mdima ukutsika ngati katani asadzadikire kuti kuche. Mkwiyo wonse wa mlungu uja unamuthera pomwepo. Mphunzitsi ndi mlonda anawanyamula mkuluyo kutsika masitepe, mayi wa saluni anathamangira kumsewu kukaimitsa takisi, ndipo pamene galimoto inkanyamuka anthu ena anali akadali padenga, akukangana ngati mwezi wasintha kapena ayi.

Dokotala wa usiku anaunika disolo nthawi yaitali. Anafotokoza kuti kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, kamene kamalandira kuwala, kanayamba kumatuka, ndipo kakhala kakumatuka kwa masiku angapo. Anati akonza m'mawa, chiyembekezo chilipo ngakhale sangalonjeze zonse, ndipo akanachedwa pang'ono sipakanakhala chokonza. Anamata disolo ndi thonje, nalamula kuti mkuluyo agone chagada osagwedeza mutu. Choncho a Wailesi anagona mumdima wathunthu, kawailesi katatsala kunyumba, m'wodi yaitali imene magetsi ake ambiri anali atazimitsidwa.

Telala anakhala pambali pa bedi, atatumizira mwamuna wake uthenga, ndiponso uthenga wina waufupi kwambiri kwa wapampando wa kwaya. Patapita nthawi mkuluyo anayamba kulankhula monong'ona. Anapepesa chifukwa cha mavuto onse. Anati akudziwa kuti ndi munthu wotopetsa, koma sadzaiwala kuti mpongozi wake, ntchito ili m'khosi, ankadzuka usiku uliwonse kudzawagwira dzanja, kuwatsegulira zitseko, kuwanyamulira mpando, kuti akayese diso lawo pa mwezi. Anati anamvetsa chifukwa chake masana sankafuna kuti nkhaniyo itchulidwe, poti dokotala akanakalipa, ndipo anamvetsanso chifukwa chake usiku sankalankhula, poti munthu wotopa salankhula.



"Koma dzulo munandiopsa," anapitiriza a Wailesi. "Munkandikokera kutsogolo, kumene kumachokera mphepo. Ine mawondo anakana, inu osasiya. Taonani."

Anakweza mkono, napinda jekete ndi dzanja linalo. Pa kuwala kochepa kochokera m'khonde, Telala anaona mikwingwirima yakuda yozungulira pamkono pawo, zizindikiro za zala zoonda, zazitali, zimene zinakumana kuseri n'kupitirira. Anayang'ana zala zake zazifupi, zolasidwa ndi singano.

"Bambo," anatero Telala, "ine padenga ndakwera nanu lero lokha. Kuyambira pano, dzanja lililonse losalankhula musalitsatire. Mwamva?"

Mkuluyo anavomera ndi mawu aang'ono, ngati a mwana.

Namwino anabwera kudzanena kuti odikirira odwala amagona panja pa wodi. Telala anamuyang'ana ndi maso a munthu amene sanagone mlungu wonse, namuuza kuti ayitane aliyense amene akufuna, iye pano sachoka. Namwinoyo anaona kuti nkhondo imeneyi si yake, napita. Telala anasendeza mpando wa chipatala, nagwira dzanja lamanja la apongozi ake ndi manja ake onse awiri, nayamba kuwauza chilichonse chobwera m'mutu kuti azimva mawu ake, za mabatani, za mayi wa saluni, za mwana wawo amene amasankha kukhala kutali zinthu zikavuta. Anadandaula mpaka mawu anasasa. M'wodi munali zii, kupatula mkonono wa wodwala wina kumapeto ndi mpope wodontha penapake. Kupuma kwa mkuluyo kunayamba kutalika, ndipo Telala anaganiza kuti agona.

Kenako milomo yawo inagwedezeka.

"Amayi," ananong'ona, "gwirani dzanja limodzi lomweli, likwana. Linalo mukulikokeranji?"

Telala anayang'ana manja ake awiri, onse ali pa dzanja lamanja la mkuluyo. Mbali inayo ya bedi, kumene kuwala kwa m'khonde sikunkafika, mkono wamanzere unali utatambasuka kunja kwa bulangeti, wowongoka, uli m'malere.